"Ndi ukalamba basi": zoti tivomereze ndi zoti tithamangire nazo kuchipatala

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Pali mawu awiri amene akupweteketsa makolo athu m'makomomu. Oyamba timanena ndife ana: "ndi ukalamba basi", agogo akangodandaula chilichonse, kaya maso, kaya mkodzo, kaya kuiwala. Achiwiri amanena ndi agogowo: "ine ndikadali ndi mphamvu", uku akukana ndodo, akukana magalasi, akusenzabe ndowa kuchokera kumjigo. Ndikupempha amene mumazidziwa bwino izi tithandizane kusiyanitsa. N'chiyani chimene munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo ayenera kuvomereza n'kusintha kachitidwe ka zinthu, nanga n'chiyani chimene si ukalamba konse koma matenda? Tiyankhule zogwirika, zoti munthu akawerenga akachite.

Gondwe:
Zikomo Mayi Nachisale. Ndiyambe ndi maso, chifukwa ndi pamene kusiyanako kumaonekera bwino. M'kati mwa diso muli kagalasi kachilengedwe kamene kamayamba kuuma munthu akafika zaka 40 mpaka 45. Mudzaona akutalikitsa foni kapena Baibulo kuti awerenge, ulusi ukukana kulowa pasingano, timiyala ta mumpunga tikumudutsa. Izi zimapeza aliyense, ndipo mankhwala odontheza m'maso sangazibweze. Apa ndiye pofunika kuvomereza n'kugula magalasi owerengera. Mphamvu yake imalembedwa pamwendo wa magalasiwo. Wa zaka za m'ma 40 amayambira pa +1.00 kapena +1.50, wa zaka 50 nthawi zambiri +2.00, wa zaka 60 +2.50 mpaka +3.00. Poyesa, gwirani pepala pamtunda wa masentimita 35 mpaka 40, ndipo sankhani mphamvu yocheperapo imene mukuwerenga nayo bwino. Amphamvu kwambiri amapweteketsa mutu. Musayendenso nawo, chifukwa pansi pamaoneka mbuu ndipo mungaphonye sitepe. Zoti magalasi amapha maso si zoona.

Ng'ala ndi nkhani ina. Kagalasi kaja kamachita chifunga, munthu amaona ngati pali utsi, nyale za galimoto usiku zimamuthobwa m'maso. Apa mawu oti "ndi ukalamba" akhazika anthu ambiri pakhonde zaka ndi zaka, akumawagwira dzanja popita kuchimbudzi, chonsecho opaleshoni yake ndi ya mphindi 20 kapena 30. Sagoneka tulo. Amachititsa dzanzi disolo, kuchotsa kagalasi kachifungako n'kuikamo kapulasitiki, ndipo mawa lake akamatula bandeji ambiri amayamba kuona. Amachita ku Queens ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi ku Nkhoma komwe kwatchuka ndi ntchito imeneyi. Chonde osathira madzi a zitsamba m'diso podikira, amawotcha khungu la diso n'kusiya chipsera chimene dokotala sangachichotse.

Pali wina woopsa mwakachetechete, gulokoma. Amadya kuona kwa m'mbali pang'onopang'ono popanda ululu, ndipo chimene chapita sichibwerera. Aliyense wopitirira zaka 40 akayezetse mphamvu ya madzi a m'diso, makamaka ngati kumtundu kwawo kuli amene anachita khungu.

Nambewe:
Achimwene a Gondwe mwatchula zophonya sitepe, nditengere pomwepo. Chimene chimasintha moyo wa wokalamba tsiku limodzi lokha ndi kugwa. Minofu imayamba kuchepa kuyambira zaka za m'ma 30, ndipo ikadutsa 60 imachepa mofulumira. Mafupa nawonso amapepuka, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba. Fupa la m'chiuno likathyoka munthu amagona pamphasa miyezi, kenako pamabwera zilonda za pamsana ndi chibayo.

Yesani izi kunyumba. Agogo akhale pampando wokhala ndi choyedzamira. Yezani mamita atatu pansi, lembani mzere ndi khala. Adzuke, ayende mpaka pamzerepo, atembenuke, abwerere n'kukhalanso. Zikawatengera masekondi 12 kapena kuposa, ali pachiopsezo chogwa.

Mankhwala ake ndi kulimbitsa miyendo, osati kuwagoneka. Gunditsani mpando kukhoma kuti usaterereke. Adzuke ndi kukhala ka 10, apume, abwerezenso ka 10. Poyamba akankhe ndi manja, pakapita masabata angapo apinde manja pachifuwa. Kenako agwire khoma n'kumanyamula zidendene ka 10 mpaka ka 15. Pomaliza aime ndi mwendo umodzi masekondi 10 atagwira tebulo, asinthe mwendo. Masiku atatu pasabata, ndipo kusintha kumayamba kuoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanenanso za mphindi 150 pasabata za kuyenda kofulumirirako, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu.

Ndodo nayo ili ndi kagwiridwe kake. Munthu ataima chilili manja ali lende, mutu wa ndodo ufike pamfundo ya dzanja pamene pamakhala wotchi. Yayitali imakweza phewa, yaifupi imawerametsa msana. Ambiri amaigwira mbali ya mwendo wopweteka, koma iyenera kukhala mbali ya mwendo wabwino, n'kumapita kutsogolo limodzi ndi wopwetekawo. Pokwera sitepe patsogole mwendo wabwino, potsika patsogole ndodo ndi wopwetekawo. Kunsonga kwake vekani labala, ngakhale chidutswa cha tayala, chifukwa mtengo pasimenti yonyowa umaterereka.

Agogo akagwa n'kulephera kuponda, mwendo umodzi ukuoneka waufupi ndipo phazi lagwera kunja, musawaimiritse ndipo musakawathowe. Agonekeni pachitseko kapena thabwa, ulendo wa kuchipatala.

Phiri:
Zonsezi n'zomveka, koma ine pali pamene ndikukayika. Mawu oti "kuvomereza" akafika kumudzi amasanduka "agogo khalani pansi". Amawalanda khasu, kuwalanda mthiko, kuwalanda ngakhale mbuzi zawo. Munthu amene walima moyo wake wonse mukamukhazika pakhonde, chaka sichitha asanafooke. Kodi sitikuwapha ndi chifundo chathu chomwechi?

Nambewe:
Mwalasa a Phiri, ndipo sitikutsutsana. Wokalamba akagona sabata imodzi yokha miyendo imakhala itafooka kale moonekera. Chofunika kusintha ndi kukula kwa ntchito, ntchitoyo isachoke. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 pakhosi pa munthu amene mafupa a msana ayamba kuphwanyika mosavuta. M'malo mwake zigubu ziwiri za malita 5, china dzanja ili china ili, maulendo awiri. Munda wakutali upite kwa ana, agogo atsale ndi wapafupi ndi nyumba komanso dimba. Alime kuyambira m'mamawa mpaka cha m'ma 9 koloko, dzuwa lisanakwere. Khasu likhale la mpini wautali kuti asamawerame kwambiri. Ulimi wa mtayakhasu, wophimbira nthaka ndi mapesi m'malo mogalauza mizere chaka chilichonse, umawayenera kwambiri. Kukwera padenga kukafolera, kukwera mumtengo wa mango, kunyamula thumba la makilogalamu 50, izi zokha ndiye asiyiretu.

Tisaiwalenso kuti ludzu limachepa munthu akamakula, thupi likufunabe madzi. Mwezi wa Okutobala okalamba ambiri amachita chizungulire chifukwa chongosowa madzi m'thupi. Aikireni botolo la malita awiri pamene amakhala kuti muziona mmene latsikira pofika madzulo. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti akumwa ochepa. Amene adokotala anawauza kuti achepetse madzi chifukwa cha mtima kapena impso atsatire za adokotalawo.

Nasibeko:
Ndiwonjezere za chakudya, chifukwa miyendo singalimbe ndi phala lokha. Mano akayamba kuguluka, pakhomo amangoti agogo sangathe nyama, n'kumawapatsa nsima ndi msuzi. Apa ndi pamene minofu imathera. Wokalamba amafunika chakudya chomanga thupi galamu imodzi kapena kupitirirapo pang'ono pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, ndiye wa makilogalamu 55 afunika magalamu 55 mpaka 65. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya nyemba zophika, pafupifupi 15. Kapu ya mkaka, 8. Mtedza wodzaza dzanja, 7. Mukuona nokha kuti pafunika kugawa katatu patsiku.

Kwa wopanda mano, sinjani usipa kapena bonya wouma akhale ufa, muzithira masipuni awiri m'ndiwo zamasamba. Minga yake ndi imene imalimbitsa mafupa. Phala la mgaiwa lithiridwe nsinjiro kapena ufa wa soya. Nyemba zichotsedwe makoko n'kupota chipere. Mgaiwa, masamba ndi mapapaya zimathandizanso kudzimbidwa kumene kumavutitsa okalamba ambiri. Koma kuonda popanda chifukwa, kutsamwa pomeza nsima mpaka kumangofuna zamadzimadzi, kapena chimbudzi chakuda ngati phula, zimenezo si ukalamba. Khansa ya kummero ndi yofala kwambiri m'Malawi muno ndipo imayamba motero.

Mwale:
Ine ndikhale pamankhwala. Kuvomereza kovuta kwambiri ndi koti pali matenda amene sachira koma amangowetedwa, ndipo mapiritsi ake ndi a moyo wonse. BP ndiye woyamba. Nthawi zambiri sapweteka paliponse. Munthu amamwa mwezi umodzi, akumva bwino, n'kusiya, kenako timangomva kuti wafa ziwalo mbali imodzi. Malire ake ndi 140/90, atayezedwa masiku awiri osiyana. Poyezetsa khalani pansi mphindi zisanu kaye, mkono uli patebulo, musanamwe tiyi kapena kusuta fodya.

Mapiritsi ali ndi khalidwe lake, ndipo kusadziwa ndi kumene kumasiyitsa anthu. Hydrochlorothiazide amakodzetsa, ndiye amwedwe m'mawa, apo ayi agogo azidzuka usiku wonse n'kukagwa panjira ya kuchimbudzi. Amlodipine amatupitsa akakolo kwa ena. Enalapril amabweretsa kachifuwa kouma kosatha. Zikatero musasiye, bwererani akakusinthireni. Mankhwala a BP amathanso kuchititsa chizungulire podzuka, choncho agogo akhale kaye m'mphepete mwa bedi mphindi imodzi, agwedeze mapazi, kenako aime. Mchere usapose sipuni yaing'ono imodzi patsiku, magalamu 5, ndipo muwerengere pamodzi timakyubu ta supu, soda wa m'therere ndi nsomba zouma zothira mchere.

Chachiwiri ndi mankhwala a nyamakazi. Brufen, diclofenac ndi indosidi amene anthu amagula pagolosale n'kumamwa tsiku ndi tsiku amaboola m'mimba, amawononga impso ndiponso amakweza BP. Kwa wokalamba yambani ndi Panado, mapiritsi awiri a 500mg katatu patsiku, osapitirira asanu ndi limodzi ngati ndi wochepa thupi. Bondo lopweteka lithowedwe ndi nsalu yofunda ndipo liziyendetsedwa. Koma bondo lotupa, lotentha, munthu akumvanso malungo, lipite kuchipatala tsiku lomwelo.

A shuga amene akumwa glibenclamide asamale akadumpha chakudya. Thukuta, kunjenjemera ndi kuyankhula zosokonekera ndi chizindikiro choti shuga watsika. Ngati akutha kumeza, sungunulani masipuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi amwe, adye, ndipo akaonedwebe kuchipatala chifukwa amatha kutsikanso. Aziyang'ananso mapazi madzulo alionse, pakati pa zala pomwe, ndipo asamayende opanda nsapato.

Tikumbukirenso kuti ma ARV aulere anayamba m'2004, ndiye amene anayamba nthawi imeneyo ambiri ndi agogo tsopano. Mankhwala amene ambiri akumwa masiku ano ali ndi tenofovir, amene safuna kuphatikizidwa ndi diclofenac wa tsiku ndi tsiku chifukwa cha impso, komanso dolutegravir, amene salowa bwino m'thupi akamwera limodzi ndi mankhwala a kutentha pamtima monga magnesium trisilicate. Imwani ARV maola awiri musanamwe a kutentha pamtimawo, kapena padutse maola asanu ndi limodzi mutamwa enawo. Popita kuchipatala tengani mapepala onse a mankhwala m'jumbo limodzi pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndi azitsamba omwe.

Gondwe:
Pa kufa ziwalo kuja a Mwale, tinenetse. Pakamwa pakapotoka mwadzidzidzi, mkono umodzi ukalefuka, kapena mawu akayamba kutuluka ngati woledzera, musadikire kuti kuche. Musawamwetse madzi kapena phala, chifukwa kumeza kumakhala kutasokonekera ndipo zimalowera kumapapo. Agonekeni chammbali, pezani galimoto.

Nabanda:
Amayi anzanga, izi tikambe poyera. Kusiya kusamba kumabwera pakati pa zaka 45 ndi 55. Kutentha thupi mwadzidzidzi, thukuta la usiku, kusowa tulo, kupsa mtima msanga, zonsezi si kulodzedwa. Zimatha zaka zingapo kenako n'kuzirala. Valani zathonje, chepetsani tiyi wamadzulo ndi mowa. Njira ya chiberekero imauma, ndiye kukhala malo amodzi ndi abambo kumatha kupweteka. Kufamase kuli mafuta oterera opangira zimenezi. Zimene ena amanena zoti mayi wosiya kusamba akapitiriza za m'banja amatupa mimba si zoona, ndipo zasokoneza mabanja ambiri. Njira yolera musaisiye msanga: dikirani chaka chathunthu osasamba ngati mwapitirira zaka 50, zaka ziwiri ngati simunafike. Ndipo HIV siyang'ana imvi.

Koma mverani apa. Mukatha miyezi 12 osasamba kenako n'kuonanso magazi, ngakhale kadontho, kapena chikazi chonunkha, kumeneko si kubwerera utsikana. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Pitani sabata yomweyo, ndipo mukanene kuti munasiya kale kusamba, chifukwa kuyeza khomo la chiberekero popaka viniga sikuonetsa bwino pamsinkhu umenewu, pamafunika kuunika kwina. Chotupa cha m'bere n'chimodzimodzi.

Kudontha mkodzo potsokomola kapena poseka kumachititsa amayi ambiri kusiya kupita kutchalitchi. Kumathandizika. Finyani minofu imene mumagwirira mkodzo masekondi asanu, masulani, ka 10, katatu patsiku, kwa miyezi itatu. Musamachite izi pokodza penipeni.

Mwale:
Kwa abambo ndi pulositeti, kachiwalo kamene kazungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo. Kamakula kwa ambiri akadutsa zaka 50. Mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mofooka, umadontha pomaliza. Kudzuka kamodzi usiku n'kovomerezeka. Siyani zakumwa maola awiri musanagone, ndipo mukakodza dikirani pang'ono n'kuyesanso. Chenjerani ndi Piriton ndi mankhwala ena a chimfine, amatha kutsekeratu mkodzo. Ukatsekeka, chinena chatupa ndipo mukumva ululu, pitani nthawi yomweyo akaike paipi. Magazi mumkodzo mwa munthu wamkulu musangoti ndi likodzo n'kugula mankhwala, makamaka a m'mbali mwa nyanja ndi kuchigwa cha Shire, chifukwa likodzo la zaka zambiri limayambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Chirwa:
Ndadikira kuti wina atchule za mutu, chifukwa apa ndi pamene anthu akufera. Kuiwala dzina la mdzukulu n'kulikumbukira patapita kanthawi, kuiwala pamene waika makiyi, izi ndi za ukalamba ndipo tizivomereze. Koma kusochera pochokera kutchalitchi panjira imene wayendapo zaka 40, kufunsa funso lomwelo kasanu pa ola limodzi, kuika nsapato mumphika, kusazindikira mwana wako, amenewa ndi matenda a ubongo, dementia. Timaselo ta muubongo timakhala tikufa pang'onopang'ono.

Taonani mmene matendawa amaonekera kumudzi. Amakula madzulo ndi usiku. Gogo amadzuka 2 koloko, akuganiza kuti kwacha ndipo akupita kumunda kapena kwawo kumene anabadwira. Mwina wavula chifukwa akumva kutentha. M'bandakucha anthu amamupeza ali mbulanda kuseri kwa nyumba ya eni kapena pafupi ndi manda, ali mbuu ndi fumbi. Akamufunsa mwaukali kuti "mwagwa pandege eti?", iye posamvetsa amangoti "eya". Basi, ati wavomera yekha. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi, ndipo nkhani zotere sizinathe. Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. M'2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza okalamba. Bungwe la MANEPO, loimira okalamba, lakhala likulimbana ndi nkhanza zimenezi, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Banja lisadikire tsokalo. Pitani nawo kuchipatala kuti matendawa alembedwe m'buku. Kenako kauzeni anyakwawa, atsogoleri a mpingo kapena mzikiti ndi oyandikana nawo, masana, zinthu zili bwinobwino, kuti "mayi athu akudwala matenda a ubongo, mukawaona usiku tibweretsereni". Sokererani kansalu kolembapo nambala ya foni m'kati mwa malaya awo. Mangani kabelu kapena chitini cha timiyala pachitseko. Usiku pakhale kanyale, chifukwa mdima umawaonetsa zinthu zimene palibe. Machesi, mankhwala a mbewu ndi mipeni zikhale patali. Akamafunsa amuna awo amene anamwalira kalekale musawauze za malirowo tsiku lililonse, chifukwa amalira ngati amva kumene. Afunseni za munthuyo, acheze, kenako apatseni chogwira monga kutongola chimanga. Kuwamanga chingwe kapena kuwatsekera m'nyumba okha kumawonjezera mantha ndi ukali.

Nasibeko:
Achimwene a Chirwa, nanga amene dzulo anali bwinobwino lero akubwebweta?

Chirwa:
Funso lofunika, achemwali. Dementia imabwera pa miyezi ndi zaka. Kusokonezeka kwa maola ochepa kapena masiku awiri ndi chizindikiro cha matenda ena m'thupi: malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, shuga wotsika kapena wokwera, kusowa madzi, kapena mankhwala atsopano. Okalamba nthawi zambiri satentha thupi ngakhale matenda akule, kusokonezekako ndiye kumakhala chizindikiro chokhacho. Akalandira chithandizo nzeru zimabwerera. Chimodzimodzi amene anagwa n'kumenyetsa mutu masabata apitawo kenako n'kuyamba kuwodzera ndi kusokonezeka, magazi amatha kukhala akudontha m'kati mwa chigaza.

Yezetsaninso makutu musanagamule kuti agogo asokonezeka. Wosamva bwino amayankha zosagwirizana n'kumaoneka ngati wazungulira mutu. Nthawi zina ndi phula chabe lotseka khutu, limene amatsuka kuchipatala, osati kutokosa ndi kamtengo ka machesi. Ukalamba umayamba kuchotsa mawu opyapyala, n'chifukwa chake agogo amamva bwino abambo kusiyana ndi tiana. Musakuwe. Yang'anizanani nawo, zimitsani wailesi, yankhulani pang'onopang'ono ndi mawu okhuthala. Ku Queens ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe amayeza makutu ndi kuika timakina tothandiza kumva.

Kamanga:
Pali kuvomereza kwina kumene si kwa thupi: kukonza za chuma mutu ukadali bwino. Ambiri amati kulemba wilo n'kudziitanira imfa, mapeto ake amasiye amatsala akukanganirana malata. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma wilo ndi imene imatseka pakamwa msanga. Ikhale yolembedwa, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine pomwepo. Ndi nzeru kusankha mboni zimene sizilandirapo kanthu. Tchulani katundu momveka, nyumba iti, pamalo pati, kwa yani. Za munda wa makolo kambiranani pamaso pa mwini mbumba ndi amfumu mukadali moyo. Amene ali pantchito aonenso fomu ya penshoni imene analembapo odzalandira, chifukwa ena analemba asanakwatire n'komwe.

Koma musagawe zonse mukadali moyo. Nyumba imene mukugonamo ikhale m'dzina lanu mpaka mapeto. Ndalama ya penshoni yolandira kamodzi isalowe yonse mubizinesi imene simunaichitepo, monga minibasi yoyendetsa wina, chifukwa pamsinkhu uwu ikagwa mulibenso zaka zoti muyambirenso. Mtukula Pakhomo si penshoni ya wokalamba aliyense, amasankha mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, choncho musawerengere kuti mudzalowamo. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money idziwike kwa mwana mmodzi wokhulupirika, osati mdzukulu aliyense wotumidwa kukatapa.

Phiri:
Ndibwererenso ndi funso langa lija mwanjira ina. Ana ali m'tauni kapena ku Joni amakonda kutenga agogo kuti akakhale nawo. Kodi n'kwabwino?

Nachisale:
Zimatengera, a Phiri, koma tiziwafunsa eni akewo. Kumudzi agogo ali ndi anzawo a Mvano kapena a Chigwirizano, a kumphakati, a pabawo, maliro oti akakhalepo, milandu yoti aweruze. M'tauni amawasiya kumpanda kuyambira 6 koloko m'mawa, geti lokhoma, akungoyang'ana TV. Kwa amene wayamba dementia kusamuka kumawonjezera kusokonezeka, chifukwa mapazi ake amadziwa njira za kwawo zokha. Nthawi zambiri ndalama yomweyo imagwira ntchito bwino ikakonza nyumba ya kumudzi n'kulipira wachibale wowasamala. Kusamuka kumayenera pamene akufunika chipatala pafupipafupi kapena palibiretu wowayang'anira usiku.

Tisamalenso ndi chisoni. Munthu akataya mnzake amene wakhala naye pabanja zaka 50, kulira ndi kusowa tulo n'zoyembekezeka, ndipo zimabwera n'kumapita. Koma akatha masabata awiri kapena kuposa tsiku lililonse ali ndwii, osadya, osasamba, zimene ankakonda osazifunanso, akumati "bola ndingofa", amenewo ndi matenda a kukhumudwa ndipo ali ndi chithandizo kuchipatala cha boma. Mawu oti "bola kufa" musawaseke. Afunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, ndipo chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe m'nyumbamo. Tulo tokha timasintha mwachilengedwe: amagona msanga, kudzuka msanga, tulo take topepuka. Kugona masana kusapose mphindi 30, ndipo mapiritsi ogonetsa monga diazepam apewedwe chifukwa amagwetsa.

Nabanda:
Vuto limene latsala ndi lakuti agogo ambiri ndodoyo amaikana, ati anthu aziti ndatha. Za chimbudzi ndiye safuna n'kuzimva komwe.

Nambewe:
Zimavuta mwana akalamula. Apempheni a zaumoyo a m'dera lanu kapena mnzawo wa msinkhu wawo amene akuyenda kale ndi ndodo kuti ndiye ayambitse nkhaniyo. Ndodoyo asankhe okha, yosemedwa bwino, ndipo muyambe ndi ulendo umene amaukonda: "ndi iyi muzikafika kutchalitchi nokha osadikira munthu". Akaona kuti ikuwabwezera ulendo umene anausiya amaigwira okha.

Chimbudzi chokumba ndi pamene mawondo amagonjera, chifukwa kunjuta n'kudzukanso kumafuna mphamvu zambiri. Tengani mpando wathabwa wolimba, boolani pakati, muuike pamwamba pa dzenje, kutalika kwake kufike m'mawondo a agogowo, pafupifupi masentimita 45. Miyendo yake ikhomedwe kapena izikidwe kuti usagwedezeke, ndipo pansi pa bowolo ikani chidebe chodula matako kuti zonse zizilunjika m'dzenje. Zikani mtengo wolimba m'mbali, wofika m'chiuno, woti azigwira podzuka. Kubafa ikani kampando ndipo chotsani ndere pamiyala. Njira yochokera kunyumba isalazidwe, mizu ndi miyala zichoke, ndipo tochi izigona pamutu pa bedi. Nyengo yamvula, kapena kwa amene amadzuka kawiri katatu, chidebe chovundikira chikhale m'chipinda momwemo, chizitayidwa m'mawa n'kutsukidwa ndi sopo. Amene amagona pamphasa akwezereni pogona pafike m'mawondo, ngakhale ndi njerwa ndi matabwa, ndipo masilipasi otha kumapazi alowedwe m'malo ndi nsapato zogwira chidendene.